Mlangizi wabwera ku Japan, Namitete yonse yasanduka bwalo

Nkhani pa Namitete imakhala masiku atatu, lachinayi yabwera ina. Koma iyi ya mlangizi wa zaulimi amene wangofika kumene kuchokera ku Japan yakana kuzilala. Ikukambidwa pa siteji ya minibasi, pa bawo, pamjigo, kuchigayo, ngakhale pakati pa odikirira odwala panja pa chipatala cha St Gabriel's. Amene achokera ku Nsaru ndi ku Kabudula tsiku la msika akubwerera nayo kwawo itanenepa kuposa momwe inatulukira pakamwa pa mwiniwake.

Mwiniwakeyo ndi mwana wa konkuno, amene ndege ankangoiona m'mwamba ikulowera ku Lumbadzi. Bungwe la JICA, lomwe limayendetsa chithandizo cha boma la Japan kumayiko ena, linamutenga kukachita maphunziro a masabata angapo ku Tsukuba, mzinda wa kumpoto chakum'mawa kwa Tokyo kumene bungweli lili ndi malo ophunzitsirako zaulimi. Anakwera ndege pa bwalo la Kamuzu, anasintha ku Addis Ababa, anatera pang'ono ku Seoul, n'kukafika pa bwalo la Narita msana utauma. Dzina lake ndilisunga, chifukwa ngakhale pano pakhomo pake sipakutha anthu, ena ofuna nkhani, ena ongofuna kuona ngati wayera.

Choyamba kuzunguza anthu mitu chinali nthawi. Japan ili patsogolo pathu ndi maola 7. Mayi a kunyumba kwake akuti foni inkalira 11 koloko usiku, bambo akupereka moni wa m'mawa, ati kumeneko ndi 6 koloko ndipo dzuwa latuluka kalekale, pakuti mu Juni ku Tokyo kumacha cha m'ma hafu pasiti 4. Agogo ena a ku Nambuma atamva izi anafunsa funso lomwe mpaka lero likuyendabe: "Ndiye kuti mawa lathuli iwo amakhala ataliona kale? Nanga bwanji mwanayo sankatiuziratu mtengo wa fodya?" Anyamata obetcha mpira anaigwira nkhaniyi ndi manja awiri, mpaka aphunzitsi ena a jogalafe anachita kuwakhazika pansi ndi lalanje ndi tochi kuwaonetsa momwe dziko limazungulirira. Anamva, koma anachoka ali okhumudwa.

Za nyengo nazo zinaseketsa amayi ogulitsa kaunjika. Mlangiziyo ananyamuka mu Juni, kuno chisanu chili pachimake, ndipo alongo ake anamugulira majekete awiri ndi chipewa cha ubweya poganiza kuti dziko lililonse lakutali ndi lozizira. Anakapeza kuti Japan ili kumpoto kwa dziko lapansi, kotero miyezi yathu yozizira ndiyo yawo yotentha. Kunali mvula yosalekeza ya mu Juni ndi Julayi, chinyezi chomata malaya pakhungu, ndipo majeketewo anabwerera osavalidwa. Wogulitsayo akuti sabweza ndalama.

Koma amene anamudikirira ndi mtima wonse ndi madalaivala. Msewu wa Lilongwe–Mchinji ndi wodzaza ndi Sienta, Probox, Vitz ndi minibasi zomwe zinayamba moyo wake ku Japan, zinawoloka nyanja pa sitima mpaka ku Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Aliyense amene anakwerapo galimoto zimenezi amawadziwa mawu a mzimayi aja amene amamveka mukangoliza injini. Kwa zaka zambiri pa siteji pakhala magulu awiri. Ena ankati mayiyo amapempherera ulendo. Ena ankati amadandaula kuti galimoto ya anthu 7 mwapakiramo 12, matumba a mtedza ndi mbuzi. Mlangizi atafika, dalaivala wina anamukokera m'galimoto yake, n'kuliza injini, n'kuti, "Alamu, mwaphunzira kumeneko, tamasulirani." Yankho linali lakuti mayiyo amangonena kuti kakhadi kolipirira msewu sikanalowetsedwe. Misewu ikuluikulu ya ku Japan ndi yolipira, monga tikuchitira ife pa Chingeni ndi pa Kalinyeke, koma iwo saima pazipata: kachipangizo ka m'galimoto kamadula ndalama galimoto ikudutsa. Gulu la pemphero silinagonje. Likuti mlangiziyo wakhalako masabata ochepa, Chijapani chozama sangachimve.

Anawafotokozeranso chifukwa chake wailesi ya m'galimotozi imathera pa 90, moti kuti mumve nyumba zoulutsa mawu zathu mumachita kukaikitsa kachipangizo kwa amakaniko: mawailesi a ku Japan kwa zaka zambiri ankaulutsa pakati pa 76 ndi 90 pokha. Ndipo funso lakale lija, loti munthu wanzeru angagulitse bwanji galimoto yabwinobwino, nalonso linapeza yankho. Lamulo la kumeneko limafuna kuti galimoto yatsopano ikayesedwe mokhwima ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesetsako pamodzi ndi misonkho ndi inshulansi zimadya ndalama zambiri. Ambiri amaona kuti n'kwabwino kugula ina. Chomwe chinawawa eni Probox ndi kumva kuti kumeneko ndi galimoto ya antchito a makampani yonyamulira katundu, ndipo palibe amene amapitira ku ukwati. Chotonthoza n'chakuti nawonso amayenda kumanzere ngati ife, ndiye chiwongolero chili kolondola.

Nkhani ya sitima ya pamtunda ndiyo yagawanitsa anthu pakati pa okhulupirira ndi okana. Sitima yothamanga ya Shinkansen inayamba kuyenda mu 1964 pakati pa Tokyo ndi Osaka, mtunda woposa makilomita 500, ndipo lero imautha m'maola awiri ndi theka. Pa njanji imeneyi imafika makilomita 285 pa ola. Mnyamata wina wa ku Namitete Technical College anawerengera pa foni kuti kuchoka pano kukafika m'tauni ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 50, sizingakwane mphindi 15. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anati, "Iiii, ndiye zitumbuwa ndingakafike nazo ku Area 25 zikadali zamoto." Oitanira basi sanadabwe ndi liwirolo. Chowadabwitsa chinali choti sitimayo imanyamuka nthawi yake ikakwana, mipando yadzaza kapena ayi. Mmodzi anafunsa kuti nanga mafuta amabweza bwanji, anthu n'kumuuza kuti imayendera magetsi, iye n'kufunsanso kuti nanga magetsi akathima pakati pa ulendo amatani. Funso limenelo palibe amene analiseka, chifukwa tonse timalimvetsa.

Akuti m'sitimamo muli zii. Munthu salankhula pa foni, nyimbo amamvera m'makutu mwake, ndipo ambiri amangogona chikhalire. Mlaliki wina wa m'mabasi anapukusa mutu, ati dziko lotere ndi louma.

Pa zakudya ndiye pali phokoso. Amayi ogulitsa usipa ndi utaka pamsika sakumvetsa kuti anthu okhala ndi magetsi usana ndi usiku angadye nsomba yaiwisi, yosawamba, yosakazinga, yongodula tizidutswa n'kuviika mu msuzi wakuda wa mchere. Mlangiziyo akuvomera kuti anadya, ndipo akuti siinunkha, chifukwa imakhala yatsopano ndipo imasungidwa pozizira kwambiri kuchokera m'nyanja mpaka pambale. Azakhali ake akuti akanadziwa akanamupatsa mankhwala a njoka za m'mimba asanalowe m'nyumba. Timitengo todyera tinamuvuta masiku oyamba, mpaka anazindikira kuti mpunga wawo ndi womatana, wosiyana ndi Kilombero wathu woyoyoka, ndiye umanyamulika. Anaphunziranso kuti kumwa msuzi ndi zakudya zazitali zonga zingwe mochita phokoso si mwano kumeneko. Ana a pa Namitete ailandira mfundo imeneyi mwachangu kuposa ina iliyonse, ndipo makolo akudandaula.

Kuseka nsomba yaiwisi kunachepa pamene mnyamata wina wa kabaza anakumbutsa anthu kuti Mjapani woyamba kuona mbewa zili pa kamtengo m'mbali mwa msewu wathu naye ayenera kuti anakasimba kwawo. Mlangizi anawonjezera kuti m'madera a kumapiri monga Nagano anthu amadya ziwala zophika mu msuzi wa soya ndi shuga. Apo agogo aja a ku Nambuma anagamula: "Basi, ndi abale athu amenewo."

Ubalewo unakula anthu atamva za mphasa. M'nyumba za chikhalidwe chawo pansi amayala mikeka yokhuthala yolukidwa ndi udzu wa m'madambo, yotchedwa tatami, ndipo usiku amayala matiresi opyapyala pomwepo, m'mawa n'kuwapinda. Nsapato zimatsala pakhomo. Moni wawo ndi kuwerama, chinthu amapereka ndi kulandira ndi manja awiri, ndipo wamkulu satchulidwa dzina mwachisawawa. Anamkungwi a kuno akondwa kwambiri. Akuti onani, dziko lopanga Toyota likugonabe pansi ndi kuweramira akulu, pamene mwana wa kuno akangofika Fomu 2 kugwada kwatha. Za chimbudzi chokhala ndi mabatani, mpando wofunda ndi madzi otsuka okha, zakambidwa mokwanira pa chiwaya cha tchipisi, ndipo pano ndingonena kuti n'zoona.

Nkhani imene yakanidwa ndi anthu ambiri ndi ya tisitolo topanda wogulitsa. M'midzi ya ku Japan mlimi amaika masamba, nkhaka ndi mabilinganya pa kathandala m'mbali mwa msewu, amalemba mtengo, amaika kabokosi ka ndalama, iye n'kubwerera kumunda. Wogula amatenga, n'kuponya ndalama m'kabokosi. Amayi ogulitsa tomato pa Mpingu, amene amapsa ndi dzuwa tsiku lonse kulondera milu yawo, anaseka mpaka misozi. Wina anati kuno kabokosiko kangayambe kupita, kenako tomato, pomaliza kathandala kakasanduka nkhuni. Wina anatsutsa, ati kale agogo athu ankasiya nkhokwe ndi makasu kumunda osaopa. Wachitatu anati n'chifukwa chakuti ankatsirika, ndipo anafunsa ngati Ajapaniwo satsirika. Mlangizi akuti sanaone chithumwa chilichonse. Akuti nawonso akuba alipo, ena amaika makamera, koma mwambowo ukupitirira chifukwa ochita chilungamo ndiwo ambiri. Ana a sukulu amasesa ndi kukolopa okha makalasi awo, ndipo munthu akatola chikwama amakachipereka ku kapolisi ka pafupi. Ine ndikukhulupirira kuti zinthu ziwirizi n'zolumikizana.

Tsono dziko lenilenilo. Ambiri pano ankaganiza kuti Japan ndi mzinda umodzi waukulu wa nyumba zosanja. Mlangizi akuti chomwe chinamudabwitsa ali m'sitima ndi mapiri ndi nkhalango. Japan ndi dziko la zilumba, zinayi zikuluzikulu: Honshu kumene kuli Tokyo, Hokkaido kumpoto kozizira, Kyushu ndi Shikoku kumwera, kuphatikizapo tizilumba masauzande. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 378,000, kuposa Malawi katatu, koma pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi mapiri. Anthu oposa 120 miliyoni anapanikizana m'zigwa za m'mbali mwa nyanja, ndipo malo olimidwa sakwana gawo limodzi mwa magawo 8 a dziko lonse. Munthu wa ku chigwa cha Lilongwe, wozolowera kuona munda wa chimanga mpaka pomwe maso alekezera, anapeza timinda ta mpunga tofinyidwa pakati pa njanji, nyumba ndi phiri. Phiri la Fuji, lotalika mamita 3,776, limaposa nsonga ya Sapitwa ya ku Mulanje yomwe ndi mamita 3,002. Analiona kamodzi kokha, pang'ono, chifukwa nyengo ya mvula limabisala m'mitambo. Pa nyanja za mkati mwa dziko ndiye tawapambana: yaikulu kwambiri kwawo, Biwa, ingalowe mu nyanja ya Malawi kambirimbiri, ndipo mfundo iyi yabwerezedwa pa bawo monyadira.

Usiku wina mafoni onse m'nyumba yogona analira pamodzi, kenako bedi linagwedezeka. Iye anathamangira pakhomo atanyamula pasipoti, n'kupeza wolandira alendo akupitiriza kulemba. Dzikolo lili pamalo pomwe zigawo za pansi pa nthaka zimakankhana, n'chifukwa chake kuli mapiri ophulika oposa 100, akasupe a madzi otentha ponseponse, ndi zivomezi zosawerengeka. Cha pa 11 Malichi 2011 chinautsa mafunde a m'nyanja amene anasesa matauni a kumpoto chakum'mawa, anapha anthu oposa 15,000, n'kuwononga malo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima. Akuluakulu a kuno anakumbukira chivomezi cha ku Salima cha mu 1989 chomwe chinamveka mpaka kuno, ndi cha ku Karonga cha mu 2009. Mmisiri wina womanga nyumba anafunsa mafunso anzeru okhudza momwe amamangira kuti nyumba izigwedezeka osagwa, koma anamudula pakamwa anthu ofuna kumva za chimbudzi chija kachiwiri.

Za nkhalango zinakhudza anthu mwanjira ina. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a Japan ndi mitengo. Ife tili ndi Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, ndipo tonse timaziona njinga za makala zikulowera m'tauni mbandakucha. JICA yomweyo inagwirapo ntchito ndi nthambi ya zankhalango poteteza Dzalanyama. Bambo wina wootcha makala, amene anali phee kumvetsera, anafunsa funso limodzi: "Achimwene, kumeneko amaphikira chiyani?" Mlangizi anayankha kuti gasi ndi magetsi. Bamboyo anangoti, "Ndiye basi." Ndipo ananena zoona. Mapiri ambiri a ku Japan nawonso anametedwa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi zaka zotsatira, ndipo mitengo yambiri yomwe mlendo amaiona lero ndi yochita kubzala. Inakula chifukwa anthu anapeza china chophikira. Kutukwana wa makala pamene m'tauni monse mbaula zikumudikira n'kungotaya malovu.

Kuseka kunatheratu pamene nkhani inafika pa maliro. Ku Japan pafupifupi aliyense akamwalira amatenthedwa, ndipo achibale amatola mafupa ndi timitengo, kupatsirana, n'kuwaika mu kamtsuko kokaika m'manda a banja. N'chifukwa chake pa chakudya n'koletsedwa kupatsirana ndiwo kuchoka pa timitengo kupita pa timitengo tina, kapena kuzika timitengo mu mpunga. Adzukulu a m'mudzi wina wa kufupi kuno akuti anamva nkhaniyi ali kumanda, makasu ali m'manja, ndipo wamkulu wawo anati, "Ndiye ife kumeneko ntchito tilibe. Nanga nkhuku ya adzukulu amadya ndani?" Amayi ena anagwira pakamwa, ati kumeneko n'kupha munthu kawiri. Mlangizi anayesetsa kufotokoza kuti si nkhanza: malo ndi ochepa, chipembedzo cha Chibuda chimalola, ndipo akufa awo amawalemekeza kwambiri. M'nyumba zambiri muli kaguwa ka makolo, ndipo pa mwambo wa Obon, umene madera ambiri amachita mu Ogasiti, anthu amabwerera kumidzi kwawo kukasesa manda ndi kulandira mizimu ya makolo. Izi anthu anazimva bwino, pakuti nafe timalambula kumanda ndi kumanga ziliza.

Chomwe sanathe kuchimeza ndi cha midzi yopanda ana. Ajapani amakhala ndi moyo wautali, moti oposa 90,000 ali ndi zaka 100 kapena kupitirira, ndipo pafupifupi atatu mwa anthu 10 alionse apitirira zaka 65. Koma ana akubadwa ochepa chaka ndi chaka, chiwerengero cha anthu chikutsika, sukulu zam'midzi zikutsekedwa, ndipo nyumba pafupifupi 9 miliyoni zili zopanda anthu. Alimi amene mlangizi anawayendera ambiri anali a msinkhu wa agogo, akuyendetsa okha timathirakitala, ana awo ali ku Tokyo. Kuno, kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, pafupifupi theka ana osakwana zaka 18. Mphunzitsi wina wa pulayimale, amene kalasi yake imaphunzirira pansi pa mtengo, anati amubwereke sukulu imodzi yotsekedwayo. Gogo wina wamkazi sanaseke nawo. Anafunsa kuti nkhalamba yokhala yokha ikadwala usiku, madzi amaipatsa ndani. Atamva kuti ena amamwalira m'nyumba n'kupezeka patapita masiku, anati, "Ana inu, musamasirire chilichonse." Mlangizi mwiniwake akuti chinthu ichi chinamupweteka kuposa kusowa nsima.

Ku dambwe nako nkhani inafika. Mlangizi anaona zithunzi za Namahage, zilombo zoopsa nkhope zovala udzu zomwe zimayenda khomo ndi khomo usiku wotsiriza chaka m'chigawo cha Akita, kufunafuna ana aulesi ndi osamvera. Bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wake wa miyambo mu 2018, pamene Gule Wamkulu analemekezedwa kale mu 2005. Akuluakulu anakondwa ndi zaka zimenezo, ati ife ndife oyamba. Anyamata atayamba kufunsa zambiri, nyakwawa ina inawaletsa, ati nkhani zotere sizikambidwa pamsika.

Chondidabwitsa ine pa zonsezi n'chakuti Japan takhala naye nthawi yaitali osamudziwa. Achinyamata ongodzipereka a ku Japan anayamba kubwera m'dziko muno mu 1971, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe alandira ambiri zedi: aphunzitsi a masamu ndi sayansi, anamwino, amakaniko. Ambiri amene anapita ku sekondale za boma ali ndi nkhani ya mphunzitsi wa Chijapani woyankhula Chichewa chothyokathyoka koma wosachedwa m'kalasi. Bwalo la ndege lomwe mlangizi ananyamukirapo linakulitsidwa ndi thandizo la Japan. Mlatho wa pa Shire ku Mangochi, sikimu ya mpunga ya Bwanje, ndi magetsi a Tedzani IV nazonso muli dzanja lawo. Alimi a fodya a ku Kabudula ndi Nsaru amaidziwa kampani ya JTI, koma si onse amene ankadziwa kuti chilembo choyambacho chikuimira Japan. Ndipo OVOP, ndondomeko ya mudzi umodzi chinthu chimodzi yomwe boma linakhazikitsa mu 2003 nthawi ya a Bakili Muluzi, inachokera m'chigawo cha Oita, kumene bwanamkubwa Morihiko Hiramatsu anaiyambitsa mu 1979.

Apa ndi pamene ndikufuna anthu a pa Namitete atchere khutu, chifukwa nkhani yofunika kwambiri imene mlangiziyu wabwera nayo ndi yomwe ikufunsidwa mochepa. Ndi nkhani ya soya ndi mtedza, mbewu zathu zenizeni. Bwalo la Narita lomwe anatera lili m'chigawo cha Chiba, kumene kumachokera mtedza wambiri wa ku Japan, ndipo anauona ukugulitsidwa m'mabokosi okongola ngati mphatso. Tsukuba ili m'chigawo cha Ibaraki, chotchuka ndi natto, soya wowiritsa n'kumusasitsa mpaka kuchita ulenda ngati therere. Fungo lake akuti linamuthamangitsa, koma anthu ambiri kumeneko amadya m'mawa. Kuchokera ku soya yemweyo amapanga tofu, chakudya choyera chofewa cha mkaka wa soya. Amapanga miso wothira mu msuzi, ndi msuzi wakuda uja woviikamo nsomba. Soya wosakhwima amamuwiritsa ndi makoko ake n'kuwaza mchere, kudya monga timadyera mtedza wauwisi wophika. Ndipo dziko lodya soya chonchi silimukwanitsa kulima: wambiri limagula ku America, Brazil ndi Canada. Chakudya chake choposa theka Japan amagula kunja.

Ife soya timalima, timamenya, timapeta, kenako timam'pereka kwa venda wa sikelo yokayikitsa mu Epulo, mtengo uli pansi, chifukwa fizi ya mwana siidikira. Patapita miyezi timakagula nyama ya soya ya m'paketi ndi mafuta ophikira pa mtengo woti sitingaukambe. Mlangizi akuti m'misewu ya ku Japan muli malo opumulira apaulendo oposa 1,000, otchedwa michi no eki, kumene alimi a m'deralo amabweretsa zokolola zawo ndi zinthu zopangidwa kuchokera ku zokololazo, paketi iliyonse ili ndi dzina la mlimi. Wapaulendo amaima, amadya, amagula, ndalama n'kutsala m'mudzi. Akutinso mfundo yaikulu ya maphunziro ake inali yoti mlimi ayambe wapita kumsika kukafunsa chomwe chikufunidwa, mtengo wake ndi nthawi yake, asanagule mbewu. Ndi mfundo yomwe JICA ndi unduna wa zaulimi akhala akuphunzitsa alimi a mbewu zakudimba pansi pa dzina la SHEP.

Msewu wathu umadutsa magalimoto opita ku Mchinji, Chipata ndi Lusaka usana ndi usiku. Malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, amene atulutsa mitundu ya mtedza yomwe timabzala, ali pafupi pomwepa. Sukulu ya ntchito zamanja yomwe ingaphunzitse anyamata kupanga ndi kukonza makina ang'onoang'ono okazingira ndi kupera ili pakhomo pathu. Sindikunena kuti tiyambe kudya natto, ndipo sindikuganiza kuti zonse za ku Ibaraki zingamere pa Namitete, pakuti iwo ali ndi magetsi odalirika, ngongole zotsika chiwongoladzanja ndi makopaletivi amphamvu omwe ife tikuwafunabe. Koma chiponde cha m'botolo, ufa wa phala wa soya, nsinjiro zopakidwa bwino ndi mtedza wokazinga wokhala ndi dzina la gulu lomwe laupanga, zimenezi sizifuna Shinkansen.

Pa bawo dzulo mkangano unali woti kodi womenya sumo (masewera ogwetsana a ku Japan) mmodzi angathe mitanda ingati ya nsima, ndipo akuti mpaka kunada asanagwirizane. Zimenezo zipitirire, n'zokoma. Koma mafumu, atsogoleri a makalabu a alimi ndi a makopaletivi a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, muitaneni mlangiziyu nyengo yobzala isanafike. Lipoti lake akalipereka ku ofesi ku Lilongwe monga mwa lamulo, koma alimi sakaliwerenga kumeneko. M'patseni bwalo ndi tsiku lathunthu, abwere ndi zithunzi zake, ndipo mafunso oyamba akhale a soya ndi mtedza.